Gawo Lachiwiri ndi Kobiri

Ine ndimanola mipeni pangodya ya msika wa nyama wa Smithfield, ndipo tsoka langa ndi lakuti pangodya pomwepo ndi pamene Mayi Dorcas Hobday amaimbira ndi kugulitsira nyimbo zawo za papepala, mayi wa mawu onga belu la tchalitchi, wa mutu wouma kuposa mwala wanga wonolera. Lachisanu lina m'mawa, ali pakalikiliki kuimba nyimbo yatsopano ya mnyamata amene anathera chuma chake pa mahule a mumsewu wa Turnbull, panatulukira Bambo Zachary Pudsey, wopanga makandulo, munthu woti ukamuuza kuti "dikirani pompo" mawa lake umakam'peza ali pompo, m'manja atagwira theka la pepala long'ambika.

Mayi Hobday anali atatukula chibwano:

"Ine mnyamata wosamva za akulu,
Ndinalowa mu Turnbull nthenga ili pachipewa,
Dona anandisekerera, nane ndinasekerera,
Kachikwama kanga nako kanayasama kukamwa..."

Anadukiza pomwepo, monga amachitira masiku onse, n'kutambasula dzanja.

"Zotsatira zake zili papepala, abale anga! Gawo loyamba n'laulere, lachiwiri ndi kobiri!"

Bambo Pudsey anatsokomola pang'ono.

"Pepani, mayi. Mwati ndinu mnyamata?"

"Mwati bwanji?"

"Mwaimba kuti, 'Ine mnyamata.' Ndamva ndi makutu angawa."

"Ndi nyimbo imeneyo, bambo."

"Ndiye kuti si inu amene munalowa mu Turnbull?"

"Ine? Mayi wa ana asanu? Asa! Tandiyang'anani bwino."

Anawayang'ana bwino, kuyambira kumutu mpaka kumapazi, osafulumira.

"Zoona, si inu. Nanga mukuwanamiziranji anthu?"

"Akunama ndani?"

"Mukuti 'ine' pomwe si inu."

"Akunena kuti 'ine' si ine, ndi nyimbo!"

"Nyimbo ndiyo inalowa mu Turnbull?"

Mayi Hobday anausa moyo. "Tanenani chimene mwadzera, bambo, msika ukutha."

Bambo Pudsey anacheukira uku ndi uku, n'kusendera pafupi, n'kutsitsa mawu.

"Ndikufuna mundilozere kumene ndingam'peze munthu wa m'nyimboyu."

"Ahaa! Mukanangonena kale!" anatero mayiwo, akutsinzina diso limodzi. "Nonse mumayamba choncho, nkhope ya kutchalitchi, miyendo ya ku Turnbull. Ine ndimaimba yochenjeza, amuna amagula kuti adziwe njira. Mukadutsa pampope, msewu wachiwiri kumanzere, chitseko chobiriwira. Koma simunamve kwa ine."

"Ndamva kwa inu."

"Ndikuti simunamve kwa ine!"

"Nanga ndamva kwa yani? Kwa wonola mipeniyu?"

Ine ndinangowerama n'kumaponda gudumu langa ngati ndine wogontha.

"Ndiye ndikagogoda pachitseko chobiriwiracho, atuluka yekha?" anafunsa Bambo Pudsey.

"Atuluka atatu, mukasankhe nokha."

"Alipo atatu? Onse a mphuno imodzimodzi?"

"Mphuno? Abambo inu, anzanu akapita kumeneko sayang'ana mphuno."

"Ine chandiyendetsa ndi mphunoyo basi."

"Koma London ili ndi anthu!"

"Ndikufuna ndim'gwire padzanja, ndipite naye kwa Mayi Oakshott, akamuone ndi maso awo."

"Mayi Oakshott? Amasiye ophika buledi kuseri kwa tchalitchi aja? Mukufuna kuwatengera hule kunyumba?"

"Hule wa chiyaninso? Ndikunena mwamunayo!"

"Mwamunayo mumutani? Alibe ngakhale kobiri, nyimbo yanena kale."

"Ndikufuna aime pambali panga, anthu aone kuti ndife awiri."

Atatero anatambasula pepala lawo long'ambika lija n'kuliika pambali pa tsaya. Ndinaimitsa gudumu kuti nane ndione, ndipo abale, ndinachita kuluma mlomo. Pachithunzipo panali mwamuna wa chipewa cha nthenga yothyoka, mphuno yokhotera kumanzere, masaya a timadonthomadontho ndi chikhoti cha mabatani akuluakulu. Pambali pake panaima Bambo Pudsey, ndipo chimene chinawasiyanitsa n'chakuti mmodzi ankaphethira.

"Hede! Ulu!" Mayi Hobday anadziwomba pantchafu. "Amayi anu anabereka mapasa, wina wa inki!"

"Amayi anabereka ine ndekha. Musaseke, mayi. Pepalali ndaling'amba pakhoma la nyumba ya mowa ya kwathu, theka linalo lakana kumatuka. Aliyense wolowa amalipatsa moni kuti, 'Mwaswera bwanji, a Pudsey.' Dzulo wina anam'thirira mowa pakamwa."

"Ndiye mwatchuka. Vuto lili pati?"

"Ukwati wanga ndi Mayi Oakshott aulengeza kale kawiri m'tchalitchi. Kachitatu ndi Lamulungu likubwerali. Dzulo ananditsekera chitseko, akuti nkhope yomatidwa pakhoma la mowa siilowa m'nyumba mwawo."

"Akazi ndi ambiri mumzinda muno."

"Wondisungira nkhoko za buledi ndi mmodzi. Ine, mayi, imvi zayamba ndili ndekha. Ndimanunkha mafuta a nkhosa, mumsewu onditsatira ndi agalu okha. Mayi amenewa anamva fungolo n'kunena kuti, 'Khalani pansi mudye.' Ndimawakonda, ndipo akandikana sindidzapezanso wina wondiuza kuti khalani pansi."

Apo mtima unandipweteka, sindinama. Mayi Hobday nawo anatsitsa mawu.

"Tamverani, bambo. Chithunzichi si inu, ndi thabwa. Wosindikiza ali ndi thabwa lakale losema, la m'nthawi ya agogo ake. Nyimbo iliyonse yofuna mwamuna, amangolipaka inki n'kudinda."

"Nanga mphuno yokhotayi?"

"Thabwalo linagwa pansi."

"Inenso ndinagwa pansi."

"Timadonthoti, thabwalo linafumbwa."

"Ine ndi nthomba."

"Mwaona tsopano? N'zosiyana."

"Zasiyana pati? Tayang'ananinso."

Mayi Hobday anapisa dzanja m'dengu mwawo n'kutulutsa nyimbo zakale, zina zotuwa, zina zodyedwa ndi makoswe.

"Onani uyu. Wakuba akavalo, ananyongedwa ku Tyburn chaka chatha. Nkhope yomweyo."

Bambo Pudsey anadzigwira pakhosi. "Mwezi wanji?"

"Kaya, chisanu chikutha."

"Nthawi imeneyo khosi linkandiwawa ndithu. Ndinkayesa chimfine."

"Uyu ndi wa pasitima ya pamadzi, anamira. Uyu mkazi wake ankam'menya ndi chipande. Uyu anakwatira nkhalamba yolemera kuti aidyere chuma."

"Imani kaye. Ndinakwatirapo?"

"Si inu!"

"Kalanga ine! M'tchalitchi afunsa kawiri konse ngati pali chotchinga, ine ndangokhala duu. Nkhalambayo ikali moyo?"

"Kulibe nkhalamba! Kulibe mwamuna! Palibe munthu pamenepa!"

"Munthu palibe, koma wanyongedwa, wamira, wakwatira, lero ali mu Turnbull. Ine amene ndilipo sindinachitepo ndi chimodzi chomwe."

"Ndi zimene ndikukuuzanizo."

Bambo Pudsey anaganiza nthawi yaitali, milomo ikuyenda yokha. Kenako nkhope inawala.

"Ndiye tiyeni mukawauze Mayi Oakshott zomwezi. Munyamule denguli, akaone kuti nkhopeyi inayamba kulakwa ine ndisanabadwe. Ndi pafupi, mupita n'kubwera."

"Ndichoke pano? Tsiku la msika? Mukuwaona bambo a chitoliro awo? Amati ndi osaona, koma ngodya yopanda mwini amaiona ali kutsidya kwa mtsinje. Ndikangosuntha phazi, akhala pano mpaka tsiku lachiweruzo."

"Ndiye lekani kuimba nyimboyi."

"Ndileke nyimbo imene ikudyetsa ana anga? Mwezi wathawu ndinaimba ya kulapa, anthu ankandilambalala ngati ndili ndi mliri. Ndinaimba ya mwana wa ng'ombe wa mitu iwiri, anagula ndi abusa okha, n'kudzandibwezeranso. Ya mahule ndiyo imayenda. Amuna amagula kuti adziwe njira, akazi amagula kuti akamate kumutu kwa bedi."

"Koma ikundiphera ukwati."

"Ndi nyimbo chabe, bambo. Pepala ndi pepala, thabwa ndi thabwa."

"Chonde, mayi."

"Pano sindichoka, nyimbo sindileka. Gawo loyamba n'laulere, lachiwiri ndi kobiri! Bwerani, abale anga!"

Ine mayi amenewa ndimawadziwa. Tsiku lina ng'ombe inapulumuka mumsika n'kuthamangira pangodya pathu, tonse tinabalalika, koma iwo sanasunthe, ndipo inakhota ndi ng'ombeyo. Ndinadziwa kuti Bambo Pudsey abwerera chimanjamanja.

"Pepala likagulidwa limakhala la yani?" anafunsa bamboyo.

"La wogula."

"Angathe kuliwotcha?"

"Angathe kukulungira nsomba, zake zimenezo."

"Ndiye ndigula onse."

Maso a Mayi Hobday anati tong'o. "Onse?"

"Onse. Ndidzalipira ukwati ukatha."

"Iyayi, bambo. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno."

Bambo Pudsey anadzipukuta mphuno n'kuyang'ana chala chawo. "Sindikoka fodya, mayi. Ndi mwaye wa makandulo."

"Ndikunena ndalama! Pompano!"

Bambo Pudsey anatulutsa kachikwama ka chikopa, n'kukagwira ndi manja awiri ngati dzira. "Izi ndi za nyama ndi mowa wa paukwati."

"Popanda mkwatibwi nyamayo adya ndani? Agalu anu aja?"

Anaganizanso, n'kupereka. Mayi Hobday anakayeza kulemera m'dzanja, kachikwama kanalowa pachifuwa, mtolo wa mapepala unapita kwa Bambo Pudsey. Bamboyo anandisungitsa ine, ndinauika pansi pa benchi langa. Asanamalize kunena zikomo, mayi aja anali atatulutsa mtolo wina n'kukonza kummero.

"Ine mnyamata wosamva za akulu..."

"Mayi! Ndagula onse!"

"Mwagula onse a m'manja. Awa ndi a m'dengu."

"Ndalama zatha."

"Chipewacho sichinathe. Ndipotu ndikukuthandizani, chimene chikukufanizirani kwambiri ndi chithunzi ndi chipewacho."

"Mukunena zoona."

Chipewa chinachoka, dazi linaonekera. Mayi Hobday anachivala pamwamba pa duku lawo, nthenga yothyoka ija ikulendewera pakhutu. Mtolo wachiwiri unabwera pansi pa benchi langa.

"Ine mnyamata wosamva..."

"Mayi inu!"

"Awa ndi a pansi pa epuloni. Ndimasungira mvula."

"Zingati?"

"Chikhoticho. Mabataniwo ndiwo akukugwiritsani."

"Kukuzizira."

"Bedi la mbeta yaimuna limazizira koposa."

Chikhoti chinachoka, Mayi Hobday anachikoleka pamkono. Kenako anadzuka pa kabokosi kamene amakhalira akatopa, n'kukatsegula. Munali mtolo wina, waukulu kuposa yonse.

"Awa ndimakhalira," anatero. "Nsapato."

"Bambo Pudsey, nsapato ayi!" ndinanong'ona ine.

Mayi Hobday anandiponyera diso lakuti ndikanenanso liwu limodzi anola mpeni pamutu panga, ndipo ndinabwerera ku gudumu langa. Aliyense amadziwa chimene chimakhala pansi pa msika wa Smithfield tsiku la ng'ombe. Bambo Pudsey anavula nsapato n'kupondamo, osadandaula, ali ndi malaya okha ndi kabudula.

"Tsopano nyimbo yatha," anatero, akunjenjemera koma akumwetulira.

"Atha ndi mapepala. Nyimbo ili m'mutu muno."

"Mutuwo ndi zingati?"

"Sugulitsidwa. Ndipo ndikuthokozeni, bambo. Wosindikiza akamva kuti nyimboyi yatha psiti m'mawa umodzi, pofika Lolemba akhala atadinda ina yodzaza ngolo. Mwaikwezera dzina."

Kumwetulira kuja kunazima ngati kandulo ya pamphepo. Ine ndinapsa mtima, chifukwa kuchenjera ndi kwabwino, koma kuchenjerera munthu woti sangakubwezere ndi kuba basi. Bamboyo anaima kanthawi, matope akutuluka pakati pa zala za kumapazi, kenako anawerama n'kusolola pepala limodzi pansi pa benchi langa.

"Popeza ndalipira, ndimveko gawo lachiwiri. Langa lija linatsala pakhoma."

Anawerenga mokweza, chala chikutsata mawu, ngati akuwerenga m'tchalitchi:

"Anandilanda chipewa, anandivula chikhoti,
Nsapato zanga nazo anati, 'Siya pompa,'
Ndinabwerera kwathu ndi malaya okha,
Matope m'mapazi, anthu akuloza chala."

Anayang'ana mapazi awo. Anayang'ana malaya awo. Anatukula maso, n'kupeza anthu awiri ogulitsa mazira ndi wotunga madzi ataima chapatali, akuloza chala.

"Mayi," anatero pang'onopang'ono, "mundikhululukire. Ndinakunenani kuti mukunama. Nyimboyi siinama, imangofulumira kunena."

"Mukuti chiyaninso?"

"Ndi ine ndithu. Ndipita kwa Mayi Oakshott ndikavomere."

"Mukavomere chiyani?"

"Kuti ndalama za ukwati ndathera pa mkazi wa mumsewu."

Mayi Hobday anaseka mpaka nthenga inagwedezeka. "Pitani, bambo, mukavomere. Mukawapatse moni."

"Akandifunsa kuti mkazi wake uti, ndikanena kuti Mayi Dorcas Hobday, amene amaima pangodya kuitana amuna."

Kuseka kunathera pakhosi.

"Ndimaitana aliyense!"

"Ndikanena choncho. Amaitana aliyense."

"Kudzagula, bambo inu! Kudzagula!"

"Eya, ndipo ine ndagula. Ndikanenanso kuti chitseko chobiriwira amachidziwa, ndi atatu a m'katimo."

"Chimenecho ndinati simunamve kwa ine!"

"Ndikanenanso kuti munatero."

"Simungangonena kuti achifwamba akuberani?"

"Achifwamba ndi inuyo?"

"Ayi!"

"Ndiye likhala bodza. Ine sindinama, mayi, ngakhale pa kulemera kwa makandulo. Ndiponso onani, pagawo lachiwiri pali chithunzi china."

Anatembenuza pepalalo kuti aliyense aone. Panali mwamuna wa malaya okha, wopanda nsapato, akulira. Pambali pake panaima mkazi wojintcha, chipewa cha mwamuna chili pamutu, chikhoti chili pamkono. Ogulitsa mazira aja anasendera pafupi, maso akupita papepala, akubwerera pa Mayi Hobday, akupitanso papepala.

"Ndinu awa," anatero Bambo Pudsey.

"Limenelo ndi thabwa!"

"Chibwano chomwecho."

"Thabwa, ndikukuuzani! Mkazi ameneyu anali mfiti chaka chatha!"

"Pepani kwambiri, sindinadziwe. Munasiya?"

"Si ine!"

"Musadandaule, mayi. Ndi nyimbo chabe. Pepala ndi pepala."

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, koma kwa Mayi Hobday mawa linafika dzuwa lisanafike paliwombo. Nthawi yomweyo ndinaona anthu akupatuka kumbali ya makola, ndipo pakati pawo panadutsa mwamuna wawo, Bambo Gregory Hobday, wopha ng'ombe, munthu wotakata ngati chitseko cha khola, wosachedwa kukwiya koma wochedwa kumvetsa. Chaka chatha anaponya mlembi wina m'chomwera akavalo chifukwa anagula nyimbo ziwiri kwa akazi awo tsiku limodzi. M'dzanja anali ndi chikwanje chimene ndinanola ndekha m'mawa womwewo, ndipo ntchito yanga ndimaidziwa.

Anaima njo. Anayang'ana mwamuna wa malaya okha. Anayang'ana chipewa chachilendo pamutu pa mkazi wawo.

"Awa ndi amuna anu?" anafunsa Bambo Pudsey, n'kuwerama mwaulemu. "Mwadzuka bwanji, bambo. Ndi bwino mwabwera, ndiyambire inu kuvomera. Akazi anuwa ndawapatsa ndalama zanga zonse m'mawa uno."

"Gregory, tamvera ndikuuze..."

"Iwe chete," anatero Bambo Hobday. "Anene mwamunayu."

"Atalandira anati sizikukwanira, ndiye anandivula chipewa."

"Nachi chipewa chanu!" Mayi Hobday anachikhazika pa dazi lija mwamphamvu, mpaka chinafika m'maso.

"Zikomo. Za pansi pa epuloni ndalipira chikhoti."

Wotunga madzi uja anatula ndowa zake pansi kuti amve bwino. Khosi la Bambo Hobday linayamba kufiira.

"Nachi chikhoti! Valani! Valani msanga!"

"Zimene amakhalira ndalipira nsapato. Zinali zazikulu kuposa zonse."

"Mayo ine! Nazi nsapato! Bambo Pudsey, ndikugwirani mwendo!"

"Musagwire, uli ndi matope. Mnzanga wonola mipeniyu anandiletsa, ndi mboni, koma akazi anu anamuopseza ndi diso."

Mapepala onse anali pansi pa benchi langa. Ndikanangowasolola ndi phazi, nkhani ikanathera pomwepo. Koma diso lija ndinali ndisanaliiwale, ndiye ndinatenga lumo la munthu wina n'kuyamba kulinola mosamala kwambiri.

Mayi Hobday anapisa dzanja pachifuwa n'kutulutsa kachikwama kaja. Bambo Hobday ataona kumene kachokera, chikwanje chinasintha dzanja.

"Naka kachikwama kanu, sindinachotsemo kanthu. Tsopano auzeni zonse!"

"Nanga Mayi Oakshott?"

"Ndipita! Ndipita pompano, ndi dengu lomwe, ndi wonyongedwa, ndi womira, ndi nkhalamba yomwe! Ndikagwada pakhomo pawo mpaka atsegule!"

"Nanga ngodya?"

"Aitenge a chitoliro, adyerepo!"

"Nanga nyimbo ya m'mutu ija?"

"Ndaiwala! Ndibwerera ku mwana wa ng'ombe wa mitu iwiri!"

"Nanga ngolo ya Lolemba?"

"Ndikamuuza wosindikiza kuti palibe wagula ndi mmodzi yemwe!"

"Limenelo ndi bodza, mayi."

"Ndi bodza langa, si lanu! Ndalumbira, pali ana anga asanu! Lamulungu alengeza kachitatu, ndidzakhala pabenchi la kutsogolo! Tsopano malizani nkhaniyo, auzeni amuna angawa kuti munagula chiyani! Mwaima pakati!"

Bambo Hobday anasendera phazi limodzi. Bambo Pudsey anavala nsapato zawo, yakumanja kenako yakumanzere. Anamanga mabatani a chikhoti limodzilimodzi mpaka lapakhosi, anawongola nthenga yothyoka ija, n'kutambasula dzanja kwa Mayi Hobday, nkhope ili phee ngati ya pachithunzi.

"Pepani, mayi, lamulo la ngodya ino mwandiphunzitsa ndinu. Gawo loyamba n'laulere, lachiwiri ndi kobiri."